Muvu ya 45 Imene Kasparov Sanasewere

Pali bolodi limodzi la tchesi limene lakana kundichoka m'mutu. Ndi la gemu yachiwiri pakati pa Garry Kasparov, katswiri wa tchesi wa dziko lonse pa nthawiyo, ndi Deep Blue, kompyuta ya kampani ya IBM, pa 4 May 1997 ku New York, kompyutayo itangosewera 45.Ra6, kutanthauza muvu ya 45, ruku kupita pa bokosi la a6 (polemba mamuvu, R ndi ruku, Q ndi kwini, B ndi bishopu, N ndi hatchi, K ndi mfumu, x ndi kudya, ndipo madontho atatu amasonyeza muvu ya zakuda). Ngati bolodi lanu lili pafupi, liyaleni tionere limodzi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Zoyera, za Deep Blue: mfumu pa f1, kwini pa c6, ruku pa a6, bishopu pa e4, maponi pa b4, c3, d5, f5, g2 ndi h3. Zakuda, za Kasparov: mfumu pa f7, kwini pa b6, ruku pa b8, bishopu pa d6, maponi pa b5, c4, e5, f6, g7 ndi h6. Yosewera ndi ya zakuda.

Kasparov anayang'ana bolodi limeneli n'kupereka dzanja kuti wagonja. Ine ndimakhulupirira kuti mpikisano wonse wa magemu asanu ndi imodzi unathera pa dzanja limeneli, ngakhale kuti magemu anayi anali adakali kutsogolo.

## Zimene anaona

Zimene anaona si zabodza ayi. Kwini wake wa pa b6 wapanikizidwa ndi ruku komanso kwini wa zoyera. Akati asinthane makwini ndi 45...Qxc6, poni ya pa d5 imadya pa c6 n'kukhala poni yopanda woitchinga, itatsala ndi mabokosi awiri kuti ifike kumapeto. Bokosi la d5 limatsegukira bishopu woyera, poni ya b5 imakhala ya mawa lomwe, ndipo bishopu wakuda amangoyang'ana misana ya maponi ake. Imeneyo ndi imfa yapang'onopang'ono, ndipo munthu amene wakhala maola angapo akupanikizidwa safuna kuionera.

Koma pali muvu ina: 45...Qe3. Mukusiya bishopu wa pa d6 kuti adyedwe ulele. Zoyera zimadyadi, 46.Qxd6, ndiye inu mumayankha 46...Re8. Ruku imeneyi ili ndi ntchito ziwiri. Ikulondera bokosi la e6 kuti kwini woyera asaikepo cheki, komanso ngati cheki chabwera kuchokera pa c7 kapena d7, imatsika pa e7 n'kutchinga.

Tsopano yang'anani mfumu ya zoyera pa f1. Pa e2 palibe kanthu, pa f2 palibe kanthu. Kwini wake ndi ruku yake zili kutali, pa mzere wachisanu ndi chimodzi, kumene zinapita kukasaka. Kwini wakuda wa pa e3 waloza bishopu wa pa e4, waloza poni ya c3, ndipo ali ndi macheki pa c1 ndi pa f4. Mfumu yoyera ikathawira uku, cheki, ikabwerera uko, cheki. Ichi ndi cheki chosatha: zikabwerezedwa katatu gemu yatha molepherana.

Usiku womwewo anthu osanthula magemu anaipeza njira imeneyi, ndipo tsiku lotsatira mphunzitsi wake, Yuri Dokhoian, ndiye anamuuza Kasparov. Akatswiri akhala akukokanakokana ngati kulepheranako kunali kotsimikizika, poti zoyera zili ndi njira zingapo zoyesera kuzemba machekiwo. Koma palibe amene amatsutsa kuti gemu inali isanathe. Deep Blue inali italakwitsa pa muvu ya 44 pamene inatulutsa mfumu yake kupita pa f1 m'malo moibisa pakona. Khomo linali lotsegula, mwini dziko lonse la tchesi osaligogoda n'komwe.

## Makina amaona mpaka pati

Kuti timvetse chifukwa chake kompyuta yamphamvu chonchija inasiya khomo lotsegula, tiwerengere limodzi.

Pa bolodi la pakati pa gemu, wosewera amakhala ndi mamuvu ololedwa pafupifupi 35. Mnzake akayankha, njira zimakhala 35 kuchulukitsa ndi 35, zomwe ndi 1,225. Aliyense akasewera katatu, njira zakwana kale mabiliyoni 1.8. Deep Blue inkayeza mabolodi pafupifupi mamiliyoni 200 pa sekondi, pogwiritsa ntchito makompyuta 30 olumikizana ndi timachipi 480 topangidwira tchesi yokhayokha. Nthawi inali mamuvu 40 pa maola awiri, kutanthauza mphindi zitatu pa muvu. Mphindi zitatu ndi masekondi 180, ndiye kuti mabolodi mabiliyoni 36. Chiwerengerochi chikumveka choopsa, koma mukati muyeze njira iliyonse osasiyako, sichikufikitsani ngakhale pa mamuvu anayi a mbali iliyonse.

N'chifukwa chake mapulogalamu amasadza nthambi. Njira yodziwika kwambiri imatchedwa alpha-beta. Ikaona kuti muvu inayake ili ndi yankho limodzi loipa kuposa zimene yapeza kale kwina, imaleka kufufuza mayankho ena onse a muvu imeneyo, poti yagwa kale. Kusadza kotereku kukayenda bwino kumachulukitsa kawiri kutalika kwa kumene makina angaone. Deep Blue inkafika pafupifupi mamuvu asanu ndi imodzi a mbali iliyonse, ndipo pa njira za macheki ndi zodyana inkapitirira kwambiri.

Koma kulikonse kumene yalekezera, imayenera kuima n'kuweruza kuti bolodi ili ndi la ndani. Imawerenga katundu: poni 1, hatchi 3, bishopu 3, ruku 5, kwini 9. Imawonjezera zina, monga chitetezo cha mfumu, mizere yotseguka ndi maponi ofooka. Deep Blue inali ndi zinthu zoterezi pafupifupi 8,000 zoyang'ana.

Vuto la cheki chosatha lili apa. Munthu amachizindikira ndi diso: mfumu ilibe pobisala, kwini ali ndi malo, basi. Makina a nthawi imeneyo ankayenera kuyenda njira iliyonse mpaka aone bolodi litabwerezedwa. Ngati mfumu ili ndi mabokosi ambiri othawirako, kubwerezako kumachitika kutali kwambiri, kuseri kwa phiri kumene makina saona. Kufikira pamenepo chimene akuona n'chakuti ali ndi bishopu wowonjezera, ndipo amasangalala.

Kasparov zimenezi ankazidziwa bwino kuposa ine ndi inu. Anali atagonjetsa Deep Thought, kompyuta imene inatsogolera Deep Blue, 2-0 mu 1989, ndiponso Deep Blue yoyamba 4-2 ku Philadelphia mu February 1996. Nanga bwanji sanayang'ane 45...Qe3?

## Muvu ya 37

Bwezani bolodi m'mbuyo mamuvu asanu ndi anayi. Gemuyi inayamba ndi matsegulidwe otchedwa Ruy Lopez yotsekeka, mtundu wa masewero umene anthu ankati makina saumvetsa. Kasparov anasankha dala kukhala mopanikizika, akudikira kuti kompyuta ichite dyera.

Nyambo inali pa b6. Pa muvu ya 36, ndiponso pa muvu ya 37, kwini woyera akanatha kulumphira pa b6 n'kuyamba kutola katundu wa mbali imeneyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwini akangochoka pafupi ndi mfumu yake, Kasparov akanakankha poni ya e5 kupita pa e4. Poni imeneyo ikangosuntha, bishopu wa pa d6 amaona mpaka pa h2, kwini wakuda amapeza malo pa e5, ndipo mfumu yoyera imayamba kumva kutentha. Mapulogalamu a nthawi imeneyo ankameza nyambo zoterezi, chifukwa maponi awiri amawerengeka lero pamene ngozi ya mfumu imabwera mochedwa.

Deep Blue inasewera 36.axb5 axb5, kenako 37.Be4.

Muvu imeneyi sidya kanthu ndipo siopseza kanthu. Bishopu amangokhala kutsogolo kwa poni ya e5 ngati mwala wotsekera khola. Poniyo singayendenso, bishopu wakuda wasanduka poni yaitali, ndipo zoyera zikhoza kulowa pa mzere wa a mosathamanga. Ndi muvu ya munthu amene wadzifunsa kaye kuti mnzangayu akufuna chiyani, asanaganize za mimba yake.

Apa ndi pamene mutu wa Kasparov unaima. Makina amene ankawadziwa sankasewera chonchi. M'maganizo mwake munatsala zinthu ziwiri zokha: mwina makinawa akuona patali kuposa mmene aliyense ankaganizira, kapena pali munthu kuseri. Zonse ziwiri zinamupweteka. Atafika pa muvu ya 45 anali atakhulupirira kale kuti chinthu chimene chasewera 37.Be4 sichingaphonye cheki chosatha. Sanawerenge njirayo chifukwa anaganiza kuti mdani wake waiwerenga kale m'malo mwake.

Ichi ndicho chimandiwawa pa gemu imeneyi. Akanakhala kuti akusewera ndi Anatoly Karpov, katswiri mnzake amene anamulanda ukatswiri wa dziko lonse, akanayesa 45...Qe3 ngakhale mongoyesa mwayi, chifukwa munthu amatopa ndipo amaphonya. Makina anawapatsa ulemu umene sakanapatsa munthu wina aliyense.

## Dzanja la Maradona

Atamva kuti anagonja gemu yosatha, mkwiyo unasanduka chikayiko. Funso lake linali lomveka ndithu: zingatheke bwanji kuti makina omwewo asewere mwanzeru chonchija pa muvu ya 37, n'kulakwitsa mwachibwana pa muvu ya 44? Pamaso pa atolankhani anatchula chigoli chimene Diego Maradona anagoletsa ndi dzanja pomenya England mu 1986. Aliyense anamva zimene amatanthauza: kuti pali munthu amene anathandiza makinawo mwachinyengo. Anapempha kuti aone zolemba za mmene kompyutayo inkaganizira, IBM inakana pa nthawiyo, ndipo inadzazitulutsa pambuyo pake.

Yankho la funso lakelo ndi losavuta kuposa mmene iye ankaganizira. Mamuvu awiriwa amachokera mbali ziwiri zosiyana za makinawo. 37.Be4 inachokera ku mbali yoweruza, imene Feng-hsiung Hsu, Murray Campbell ndi Joe Hoane anakhala akuikonza chaka chathunthu mothandizidwa ndi grandmaster (wosewera wa udindo wapamwamba mu tchesi) Joel Benjamin, amene ankasewera nayo n'kumaloza pamene yaweruza molakwika. 44.Kf1 inachokera ku malire a mbali yofufuza. Nzeru za anthu zinalimo ndithu m'makinawo, koma zinalowa mpikisano usanayambe komanso pakati pa gemu ndi gemu, zomwe malamulo ankalola. Ngakhale mu gemu yoyamba, imene Kasparov anapambana, Deep Blue inasewera 44...Rd1 chifukwa cha chilema cha pulogalamu, ndipo anthu a IBM anachikonza.

Panali chinthu chimodzi chimene Kasparov ankadandaula mwachilungamo. IBM inali ndi magemu ake onse, pamene iye sanapatsidwe gemu ngakhale imodzi ya Deep Blue yatsopanoyo kuti aiphunzire. Ankamenyana ndi chinthu chimene sanachionepo. Mu 2017 iye mwini analemba kuti sakhulupiriranso kuti Deep Blue inaba.

## Gemu yomaliza, mamuvu 19

Magemu achitatu, achinayi ndi achisanu anatha molepherana. Mu gemu yachitatu Kasparov anatsegula ndi 1.d3, muvu imene sakanasewera ndi munthu pa mpikisano waukulu, pofuna kutulutsa makina m'buku lawo la matsegulidwe, mndandanda wa mamuvu oyambira gemu osungidwa kale. Anali atasiya kusewera tchesi yake, akusewera yothawa mthunzi.

Pa 11 May onse anali ndi mapointi awiri ndi theka. Kasparov, ali ndi zakuda, anasankha matsegulidwe a Caro-Kann, amene sanali chida chake cha masiku onse: 1.e4 c6 2.d4 d5 3.Nc3 dxe4 4.Nxe4 Nd7 5.Ng5 Ngf6 6.Bd3 e6 7.N1f3 h6.

Aliyense wosewera njira imeneyi amadziwa ndondomeko yake. Mumayamba ndi 7...Bd6, zoyera zikasewera 8.Qe2 ndiye mumakankha 8...h6. Kusiyana kwake ndi bokosi limodzi: bishopu akachoka pa f8, mfumu imapeza pothawira. Mukafulumira ndi h6 bishopu adakali kunyumba, hatchi imadzipereka nsembe pa e6.

Ndi zimene zinachitika. 8.Nxe6 Qe7 9.O-O fxe6 10.Bg6+ Kd8 11.Bf4. Werengani katundu ndipo muona kuti zakuda zili ndi hatchi yowonjezera posinthana ndi poni imodzi. Kenako yang'anani bolodi. Mfumu ili pa d8 ndipo siidzabisalanso, kwini wa pa e7 watsekera bishopu wa pa f8, bishopuyo watsekera ruku ya pa h8, hatchi ya pa d7 yatsekera bishopu wa pa c8. Katundu alipo koma ali m'nkhokwe yokhoma. Zinatsatira ndi 11...b5 12.a4 Bb7 13.Re1 Nd5 14.Bg3 Kc8 15.axb5 cxb5 16.Qd3 Bc6 17.Bf5 exf5 18.Rxe7 Bxe7 19.c4, Kasparov n'kugonja. Mpikisano unatha 3.5 kwa 2.5.

Kasparov ankaganiza kuti makina owerenga katundu sangataye hatchi popanda phindu looneka msanga. Koma 8.Nxe6 Deep Blue sinaiganize pa bolodi, inali m'buku lake la matsegulidwe, limene ma grandmaster a IBM anakonza. Mu gemu yachiwiri anawakweza makinawo kuposa msinkhu wawo, mu gemu yachisanu ndi chimodzi anawachepetsa. Kawiri konse ankasewera ndi chithunzi cha mdani chimene anajambula yekha m'mutu.

IBM inakana kubwereza mpikisano ndipo inaphwasula makinawo. Mbali imodzi ili ku National Museum of American History ku Washington, ina ku Computer History Museum ku California.

## Bonn, 2006

Zaka zotsatira akatswiri anayesabe kulimbana ndi makompyuta ena. Vladimir Kramnik analepherana ndi Deep Fritz 4-4 ku Bahrain mu 2002. Kasparov analepherana ndi Deep Junior 3-3 mu 2003. Mu 2005 ku London, Hydra inaphwanya Michael Adams 5.5 kwa 0.5.

Kenako kunabwera Bonn, kumapeto kwa 2006, Kramnik ndi Deep Fritz kachiwiri. Ulendo uno munthu anapatsidwa zonse zimene Kasparov ankalirira: pulogalamuyo anaipatsidwa pasadakhale kuti aiphunzire, ndipo ankaloledwa kuona buku lake la matsegulidwe gemu ili m'kati. Inali pulogalamu yogulitsidwa m'sitolo, yoyeza mabolodi ochepa kwambiri poyerekeza ndi Deep Blue. Kramnik sanapambane gemu ngakhale imodzi, anagonja 4-2.

Gemu yachiwiri ndi yofunika kuiyala. Zoyera, za kompyuta: mfumu pa h1, kwini pa e4, hatchi pa f8, maponi pa b2, e5, g2, h2. Zakuda: mfumu pa h8, kwini pa a7, bishopu pa c1, maponi pa a4, b4, g7, h6. Muvu yoyenera ndi 34...Kg8, ndipo gemu imatha molepherana: 35.Ng6 Bxb2 36.Qd5+ Kh7 37.Nf8+ Kh8 38.Ng6+. Kramnik, nthawi ali nayo yokwanira, anasewera 34...Qe3 pofuna kusinthana makwini kuti maponi ake a a4 ndi b4 athamange. Kompyuta inayankha 35.Qh7, chekimeti.

Katswiri wa dziko lonse kuphonya chekimeti cha muvu imodzi kuli ndi chifukwa chake. Diso la wosewera linazolowera kuti kwini akamaopseza pa h7, hatchi yomuthandiza imakhala pa g5 kapena f6. Hatchi yoyera itakhala pa f8, pambali pa mfumu yakuda, ndi chinthu chosowa kwambiri, kotero belu la m'mutu sililira. Diso lomwelo limene limathandiza munthu kuona cheki chosatha popanda kuwerenga ndi limene linamupusitsa apa. Makina alibe chizolowezi chotere, amayeza muvu iliyonse yololedwa, ngakhale yooneka yopusa.

Kuchokera pamenepo mipikisano ikuluikulu yofanana zida inatha. Masiku ano grandmaster akamasewera ndi injini, ndiye kuti pulogalamu yosewera tchesi, amayamba wapatsidwa poni kapena mamuvu owonjezera. Hikaru Nakamura anasewera motero ndi injini ya Komodo mu January 2016, n'kugonjabe 2.5 kwa 1.5.

## Injini ya m'thumba mwanu

Injini ya Stockfish imene mumatsegula pa foni kudzera pa Lichess, tsamba la pa intaneti losewererapo tchesi, ndi yamphamvu kuposa Deep Blue, ndipo kulakwitsa kwa Kasparov pa muvu ya 45 ndi kumene ambirife timachita nayo tsiku ndi tsiku. Timaona nambala imene injini imapereka yosonyeza amene ali patsogolo, n'kuleka kuganiza.

Mukamasanthula gemu yanu, yambani injini ili yozimitsa. Pezani malo awiri kapena atatu pamene gemu inatembenukira, ndipo lembani pa pepala muvu imene mukuganiza kuti inali yoyenera pamodzi ndi mayankho ake, mamuvu atatu kapena anayi. Mukatero ndiye yatsani. Ikani kuti izionetsa njira zitatu m'malo mwa imodzi, chifukwa kusiyana kwa njira yoyamba ndi yachiwiri ndiko kumakuuzani ngati panali muvu imodzi yokha yopulumukira kapena zinalipo zambiri.

Musathamangire nambala yoyamba kutuluka. Pa foni injini imayamba ndi kufufuza kosazama, ndipo pa mabolodi a nsembe ndi macheki nambala imatha kutembenuka ikazama. Idikireni mpaka ikhazikike. Dziwaninso tanthauzo la nambalayo. Kuyambira pa Stockfish 15.1, +1.0 satanthauza poni imodzi, amatanthauza kuti injini ikamasewera ndi inzake yofanana nayo ingapambane theka la magemu kuchokera pamenepo. Imeneyo ndi nkhani ya injini ndi injini. Inu ndi mnzanu wa ku kalabu, wotchi ikuthamanga, ndi nkhani ina.

Chofunika kwambiri ndi ichi: injini ikakana muvu yanu, isewereni pa bolodi muvu yanuyo kuti ikuonetseni chilango chake, muvu ndi muvu, mpaka mufike pamene mukuona ndi maso anu chimene chatayika. Ngati chilangocho chikufuna mamuvu asanu ndi awiri olondola amene mdani wanu sakanawapeza, muvu yanuyo sinali yoipa monga mmene nambala ikunenera.

Samalaninso ndi nambala yaikulu imene sisuntha. Injini ikamanena +3 koma ikungoyendetsa ruku uku ndi uku, nambala osakwera ngakhale izame bwanji, kawirikawiri ndiye kuti mbali yofookayo yamanga linga losaboola ndipo gemuyo ndi yolepherana. Pa bolodi pakatsala zidutswa zisanu ndi ziwiri kapena kucheperapo, kuphatikizapo mafumu, siyani injini mufunse tablebase, nkhokwe ya mayankho a mabolodi a kumapeto kwa gemu, poti mabolodi amenewo anawerengedwa onse mpaka kumapeto.

Ndiye bwererani ku bolodi lija tinayala poyamba. Tengani zakuda, injini muipatse zoyera, nambala muibise. Sewerani 45...Qe3, ilekeni idye bishopu wanu, ikani ruku pa e8, kenako muyambe kuithamangitsa mfumu ya pa f1 muone kumene ikathawire.